Kodi Munthu Angakane Dzuwa?

Pali mafunso ena amene amaoneka opepuka munthu akamawafunsa ali m'kalasi, koma akawasenza kupita nawo kumudzi amalemera ngati mtondo. Limodzi mwa mafunso otero ndi ili: ngati boma kapena kampani ifuna munda wa munthu wosauka kuti iyalepo makina opangira magetsi kuchokera ku dzuwa, magetsi amene adzathandiza dziko lonse, kodi mwini mundayo ali ndi ufulu wokana? Nanga akakana, timutche wodzikonda kapena wanzeru?

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu, ndipo munthu wa kwathu sangamve liwu loti malo mtima wake osadumpha. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 350,000 m'boma lathu, chonsecho bomalo ndi limodzi mwa maboma aang'ono zedi m'Malawi muno. Pa sikweya kilomita iliyonse pakhala anthu opitirira 450. Inu amene mumayenda pa msewu wa ku Limbe, mukafika pa Namadzi, pa Mbulumbuzi kapena pa Njuli, tasuzumirani pazenera la basi: simudzaona thengo ayi. Mizere yakwera mpaka m'mapiri, yatsika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Mabanja ambiri alima munda wosakwana hekitala imodzi, ndipo m'kamunda komweko muli chimanga, nandolo, maungu ndi chinangwa cha m'malire. Milandu yochuluka pabwalo la amfumu ndi ya mzere umodzi umene wina walumphitsa khasu. Anthu apachibale amaleka kudyerana maliro chifukwa cha kachigawo kosakwana kuyalapo mphasa zitatu.

Komatu ndisanapitirire ndiyenera kulipatsa dzuwa ulemu wake, pakuti amene amanena za magetsi sanama ayi. Kalembera yemwe uja anaonetsa kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo m'midzi sizinkakwana ngakhale 5. Ife amene tinaphunzira kuwerenga ndi koloboyi, mphuno zili bii ndi mwaye, sitifunika kuuzidwa ndi munthu wa ku Ulaya kuti mdima ndi woipa. Mdima ndiwo umachititsa mzamba kubereketsa mayi atagwira tochi ya foni ndi mano. Mdima ndiwo umawawitsa mkaka wa alimi a ng'ombe kwathu, thanki yoziziritsira ikaima. Munthu amene amayamikira moyo wakumudzi ali pansi pa getsi la m'tauni ndimamukayikira kwambiri.

Ndiponso magetsi athu akhala akudalira mtsinje umodzi. Nkula inayamba mu 1966, Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000, zonsezi pa Shire. Nyanja itaphwa kwambiri mu 2017 magetsi anathimathima mpaka dziko linabwereka majenereta a dizilo pa mtengo wolira nawo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa usiku umodzi, osabwereranso mpaka 2023. M'chaka chomwecho cha 2023, mwezi wa March, namondwe wa Freddy anafika kwathu kwenikweni. Mudzi wa Ntauchira kwa Likoswe unakokoloka ndi matope ndi miyala yochokera m'phiri, mwa mtundu uja akuluakulu amautcha Napolo. M'dziko lonse anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa. Akatswiri a zanyengo amati dziko likamatentha ndi utsi wa malasha ndi mafuta, anamondwe otere amagwetsa mvula yochuluka koposa kale. Chotero munthu wa ku Chiradzulu sanganene kuti nkhani yosiya malasha n'kutembenukira ku dzuwa, mphepo ndi madzi ndi nkhani ya eni ake. Tinaika m'manda abale athu chifukwa cha nkhani imeneyi.

Vuto ndi lakuti dzuwa silikololedwa m'mwamba. Likololedwa pansi, pamalo pomwe pamera chimanga, ndipo limakonda malo amene mlimi amawakonda: osalala, opanda miyala, oyandikira msewu. Makina a kampani ya JCM Power ku Salima, amene anayamba ntchito mu 2021, amapanga mamegawati 60 ndipo anatenga mahekitala opitirira 150. Ku Golomoti m'boma la Dedza kunatsatira a mamegawati 20 mu 2022, ndipo ena anamangidwa ku Nkhotakota. Tsono tiyeni tichite masamu a sitandade faifi. Banja likamalima theka la hekitala, monga ambiri kwathu achitira, mahekitala 150 ndi minda ya mabanja 300. Kunena kwina, makina a msinkhu wa ku Salima aja atayalidwa kwa Kadewere kapena kwa Mpama, angameze chakudya cha midzi ingapo yathunthu. Ndipo si mapanelo okha amene afuna malo. Mapolo ndi nthambo zafuna njira yawo, ndipo pansi pa nthambo zikuluzikulu munthu saloledwa kumanga nyumba kapena kusiya mtengo wautali. Damu nalo lifuna chigwa: mu 2025 World Bank inavomereza madola 350 miliyoni othandizira ntchito ya Mpatamanga pa Shire, ya mamegawati 358, imene madzi ake adzakhudza malo a anthu a ku Blantyre ndi ku Neno. Chiradzulu ali pakhomo pa Blantyre, pamene pali mafakitale anjala ya magetsi. Funso limeneli ndi lathu, kaya oyeza malo afika mawa kaya mkuja.

Pofuna kuliyankha ndibwerera m'mbuyo pang'ono, pakuti kwathu nkhani ya munda inayamba kale ndipo ili ndi magazi. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zowatsimikizira kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. Mitengo yake inali nsalu, mikanda, mfuti ndi zina zotero. Mwa njira imeneyi banja la Bruce linakhala mwini wa esiteti ya Magomero, maekala opitirira 150,000. M'zikalata zambiri munali mawu oteteza midzi imene inalipo kale kuti isasokonezedwe, koma Alomwe amene anayamba kulowa kuchokera ku Mozambique pambuyo pake analibe chitetezo chotero. Iwo anauzidwa kuti malipiro a malo okhalapo ndi kugwira ntchito m'minda ya thonje ndi fodya ya mwini esiteti, mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo miyeziyo inkatalika monga kapitawo afunira. Woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi amene anthu a John Chilembwe ankamanga pamalopo. Zotsatira zake tonse tizidziwa: usiku wa pa 23 January 1915 anthu ochokera ku Mbombwe anadula mutu wa Livingstone, ndipo pa 3 February Chilembwe anawomberedwa. Panatenga zaka zina makumi atatu kuti Sir Sidney Abrahams, mu 1946, alangize boma kugula malo a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndipo mchitidwewu unathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Chimene chimandigwira mtima pa mbiri imeneyi ndi dzina la mchitidwewo. Thangata linali liwu labwino. Linkatanthauza kuthandizana, monga anthu achitira polima dima kapena posenza denga. Azungu sanabwere ndi liwu lachilendo. Anatola lathu lomwe, lokoma, n'kulikulungira chikoti. Kufikira lero agogo anga akamva mwana akunena kuti ntchito yakutiyakuti ndi thangata, amadziwa kuti akunena ukapolo. Liwu linafa chifukwa cha ntchito imene analigwiritsa.

Sindikunena kuti kampani ya magetsi a dzuwa ndi Bruce wobadwanso. Kutero kungakhale ulesi wa maganizo, ndiponso bodza. Makampani a lero amachititsa misonkhano, amalemba maina, amalipira, ena amakumba mijigo ndi kuthandiza alimi. Chimene ndikunena n'chakuti cholinga chabwino chili ndi ngozi yake imene cholinga choipa chilibe. Kukana Bruce kunali koopsa pathupi, koma kunali kosavuta mumtima: aliyense ankaona kuti thonjelo likulemeretsa munthu wa ku Scotland. Nanga kukana dzuwa? Mayi amene angaimirire pamsonkhano n'kunena kuti munda wanga sindipereka, sakulimbana ndi mzungu wachikoti. Akulimbana ndi chipatala, ndi ana a sukulu, ndi tsogolo la dziko, ndi akufa a ku Ntauchira. Amfumu amuyang'ana, a kwa DC amuyang'ana, anyamata ofuna ganyu yokumba maenje amung'ung'udzira. Adzamuuza kuti walira mvula walira matope. Adzamutcha mdani wa chitukuko, ndipo m'dziko muno dzina limenelo limaluma kuposa la mfiti. Motero ubwino wa chinthucho ndiwo umulanda mphamvu yokambirana mtengo. Munthu amene sangathe kunena kuti ayi, inde wake ndi wopanda kanthu, ngakhale atadinda chala pa mapepala khumi.

Pa Sande sukulu tinaphunzira za Naboti ndi mfumu Ahabu, ndipo aphunzitsi ankathamangira kumapeto, kumene kuli mboni zonama ndi miyala. Koma chiyambi chake ndicho chofunika pano. Ahabu sanayambe ndi kulanda. Anapempha mwaulemu, nalonjeza munda wina woposa uja, kapena ndalama zokwanira mtengo wake. Mwa malamulo athu a lero, mfumuyo inachita zonse zoyenera. Naboti anakana chifukwa mundawo unali cholowa cha makolo ake, ndiye kuti sunali wake yekha woti angaugulitse. Wina adzati Ahabu ankafuna dimba la ndiwo zake zokha, pamene magetsi ndi a tonse, ndipo kusiyana kumeneku n'koona. Koma yankho la Naboti silinadalire pa chimene mfumu inkafuna kudzalapo. Linadalira pa funso lakuti mwini munda ndani.

Kwathu funso limeneli lili ndi yankho losokoneza munthu wa fomu ndi cholembera. Ife ndi a chikamwini. Munda umayenda m'njira ya akazi: unali wa agogo, uli m'manja mwa amayi, udzakhala wa alongo anga ndi ana awo aakazi. Bambo anga alima mundawo zaka zoposa makumi awiri, koma iwo eni adziwa kuti ndi mkamwini, ndipo banja litatha anganyamule njinga ndi wailesi basi. Amalume ndiwo mwini mbumba, oyang'anira ndi oweruza, koma nawonso sangagulitse, pakuti iwo alima kwa akazi awo. Ine mwana wamwamuna ndidya za mundawo, koma tsiku lina ndidzapita kukalima kwina. Tsono mlembi wa kampani akafika ndi fomu yokhala ndi mzere umodzi wolembapo mutu wa banja, alembapo yani? Kawirikawiri amene amatsogola pamsonkhano, amene amalankhula Chingerezi pang'ono, amene ali ndi akaunti ku banki, ndi mwamuna. Ndalama ya munda wa mbumba ingathe kugwera m'thumba la mlendo wobwera kudzakwatira, popanda aliyense kuba kapena kunama. Fomu yokha ndiyo yaba.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linayesa kutseka mpata umenewu. Linakhazikitsa makomiti a malo pansi pa magulupu, a mamembala osankhidwa asanu ndi mmodzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Ndi chiyambi chabwino, pakuti masiku oti mfumu igulitse dziko ndi mpukutu wa nsalu sayenera kubwereranso. Komabe ngakhale komiti itakhala ya amayi okhaokha, pali eni munda ena amene sangafike pamsonkhano. Mlongo wanga wamng'ono ali ku pulayimale. Ana ake sanabadwe. M'maganizo a makolo athu iwowa ndi eni ake ndithu, ndipo amoyo ndi osunga chabe. Afilosofi amene timawawerenga kuno amatsutsana kwambiri ngati munthu wosabadwa angakhale ndi ufulu. Agogo anga, amene sanapite patali ndi sukulu, anaiweruza kale nkhaniyi tsiku limene anakaniza amalume kupinyolitsa dimba. Chodabwitsa n'chakuti a mbali ya dzuwa nawonso amalankhula m'dzina la osabadwa omwewo: amati tisiye malasha kuti adzukulu adzapeze dziko lokhalika. Mbali zonse ziwiri zikukoka mwana mmodzi, wina dzanja ili, wina ilo. Mdzukulu ameneyo adzafuna mpweya wabwino, inde, koma adzafunanso pogwetsa khasu.

Tibwere ku ndalama. Chichewa chili ndi liwu loona mtima kuposa la Chingerezi pa nkhani imeneyi: timati chipukuta misozi. Liwuli silinamizira kuti chotayikacho chabwezedwa. Limavomera kuti munthu walira, ndipo ife tangomupatsa kansalu. Timapereka chipukuta misozi pa ngozi ndi pa imfa, zinthu zimene sizibwerera. Tsono tikamalitchula pa munda, pakamwa pathu pavomera kale chimene mapepala akana.

Munda ndi ndalama ndi zinthu za mitundu iwiri. Munda, ngakhale wotopa ngati yathuyi, umabereka chaka chino, n'kuberekanso chaka chamawa, ndipo mbala singaunyamule. Ndalama imabwera kamodzi, ndipo imabwera ndi abale. Pali fizi, pali malata, pali matenda, pali ngongole ya kubanki m'khonde. Palibe chimodzi mwa izi chimene chili uchitsiru, koma zikatha munthu atsala chimanjamanja. Ngakhale wosamala kwambiri, amene anaisunga osaikhudza, anaona zakuda: mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene analandira mtengo wachilungamo wa munda wake mu 2021 anadzuka m'mawa wina ali ndi mtengo wa kachidutswa chabe, pamene mundawo, kuseri kwa mpanda wa waya, uli chimodzimodzi kukula kwake. Amati akagule munda kwina. Ku Chiradzulu kwina kwake n'kuti? Anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje, pa ntchito ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004, anachita kusamukira ku Machinga ndi ku Mangochi kuti apeze polima. Kusamuka kotero ndi kusiya manda, chinenero cha pakhomo, ndi anthu amene angakubwereke mchere.

Pali chinyengo china chimene chimabisala m'mawu oti malo ongokhala. Woyeza malo akaona dambo kapena katsala kopanda mizere amalemba kuti palibe mwini, ndipo amakondwa poti palibe womulipira. Koma funsani ana ndi amayi. Pamenepo ndi pamene amamweta udzu wofolera nyumba ndi wodyetsa ng'ombe za m'khola. Ndi pamene mbuzi zimamangidwa nthawi ya dzinja. Pali chulu cha ngumbi, pali therere ndi chisoso cha mwezi wa njala, pali dothi loumbira mbiya, pali njira yachidule ya kuchigayo. Amene amadalira kwambiri malo otere ndi amene alibe munda wokwanira, amasiye ndi okalamba, ndipo iwowa ndi amene dzina lawo silidzalowa m'kaundula wa olipidwa, pakuti analibe kanthu kooneka koti alandidwe. Mpanda umapweteka koposa munthu amene sunamutengere chilichonse cholembeka.

Anansi athu a ku Zambia ndi Zimbabwe ali ndi phunziro limene tiyenera kuliloweza. Damu la Kariba litamangidwa pa Zambezi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa chimene ankalima kawiri pachaka, n'kukatayidwa kumtunda kouma. Mu 1958 ena atakana kusamuka, apolisi anawombera ndi kupha anthu asanu ndi atatu. Magetsiwo anali oyera ndithu, opanda utsi, ndipo anayendetsa migodi ya kopa ndi mizinda ya Rhodesia. Koma midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhala mumdima zaka makumimakumi, nthambo zikudutsa pamwamba pa madenga awo a udzu. Pamenepa ndi pamene ndimaona thangata m'tanthauzo lake lachiwiri lija: kupereka chako kuti wina awale, n'kuuzidwa kuti mukuthandizana.

Tsono mnzanga wina wa zachuma, amene timakangana naye kawirikawiri m'chipinda chodyera, amati maganizo angawa atatsatidwa palibe chimene chingamangidwe. Amati mabanja 300 sangagwire pakhosi anthu mamiliyoni, ndipo msewu uliwonse, sukulu iliyonse, ngakhale koleji ino, zinakhala pamunda wa wina. Sindingamutsutse kotheratu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 44, amalola boma kutenga katundu wa munthu pa ntchito yothandiza anthu onse, pokhapokha litamudziwitsa mokwanira, litamulipira moyenera, ndi kumusiyira njira ya kukhoti. Ndivomera kuti pali nthawi imene ayi wa munthu mmodzi ayenera kugonja. Chimene ndikana ndi changu chimene timafikira pamenepo. Kuwerenga mitu n'kosavuta: ambiri apindula, ochepa aluza, basi tatha. Koma masamu amenewa safunsa chifukwa chake ochepawo amakhala anthu amodzimodzi nthawi zonse. Sindinamvepo bwalo la gofu litayezedwa kuti payalidwe mapanelo. Maesiteti aakulu amene mbali zake zagona zaka zambiri ali ndi maloya. Madenga a mafakitale, masukulu ndi nyumba za boma ali chadzuwa tsiku lonse, koma kuyala pamenepo kumadya ndalama zambiri ndi nthawi. Munda wa mayi wa kumudzi umasankhidwa chifukwa ndiwo wotsika mtengo, ndipo ndi wotsika mtengo chifukwa mwini wake ndi wofooka. Tikamati magetsi a dzuwa atchipa masiku ano, tizifunsa kuti mbali ina ya kutchipako walipira ndani.

Ndipo poti Malawi amatulutsa kachigawo kochepetsetsa ka utsi umene ukutenthetsa dziko lapansi, sibwino kumuuza mayi ameneyu kuti apereke munda wake kuti apulumutse dziko lonse. Ngongole imeneyo si yake. Chifukwa chokha chimene tingamupatse mosachita manyazi ndi mdima wathu womwe, ndipo ngati chifukwa ndi chimenecho, nyumba yake ndiyo iyenera kukhala yoyamba kuyaka. (Ndionjezepo kuti getsi siliphika nsima. Amayi kwathu adzapitirizabe kusonkhezera mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo kwa nthawi ndithu, ndipo zonsezi zimachokera m'munda womwe uja.)

Yankho langa tsono ndi ili. Munthu ali nawo ufulu wokana, ndipo ufuluwo usathyoledwe kufikira ofuna malowo ataonetsa poyera, pabwalo, m'chinenero chimene agogo angamve, kuti anayamba ayesa kwina konse. Ukathyoledwa, kapena mwini akavomera yekha, munda usagulidwe ayi; ubwerekedwe. Kubwereketsa munda si chinthu chachilendo kwathu, timachita chaka ndi chaka. Wobwereka amadziwa kuti ndi mlendo, amalipira nyengo iliyonse, ndipo tsiku lake likakwana amachoka. Lendiyo ipite kwa mbumba, m'dzina la akazi eni nthaka, ndipo iwerengedwe mwa matumba a chimanga kapena mwa gawo la magetsi ogulitsidwa, kuti kwacha ikagwa isagwe nayo. Mwini munda akhale ngati mwini sheya, pakuti pa zinthu zitatu zopangira magetsiwa, dzuwa ndi laulere, makina ndi a kampani, ndipo nthaka ndi yake.

Wina asati izi ndi maloto a mwana wa sukulu. Ku Norway, dziko lolemera ndi losunga malamulo, makina a mphepo anamangidwa ku Fosen pamalo podyetsera ziweto za anthu a mtundu wa Sami. Mu October 2021 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti zilolezo zake zinaphwanya ufulu wa anthuwo, ngakhale makinawo anali ataima kale ndi kupanga magetsi oyera. Achinyamata anachita kukakhala pamakomo a maofesi a boma ku Oslo mu 2023 kuti chigamulocho chimveke, ndipo mapeto ake anagwirizana zolipira chaka ndi chaka, malo ena odyetsera, ndi mphamvu yokana nthawi ya chilolezo ikadzatha. Sanagwetse makinawo, ndipo sanagulenso anthuwo kamodzi n'kuwaiwala. Pafupi ndi kwathu, kwa Bondo ku Mulanje, makina aang'ono a pa mtsinje wa Lichenya amaunikira midzi yomwe yawazungulira, ndipo kumeneko wopereka malo ndi wolandira kuwala ndi munthu mmodzi. Makina otero sangayendetse mafakitale a ku Makata, n'zoona, koma atiphunzitsa mmene nkhope ya chilungamo imaonekera, kuti tikaifunefune pa ntchito zikuluzikulu.

Ndalemba izi m'magazini ino podziwa amene amaiwerenga. Mzungu wa chipewa cha khonde anapita kalekale. Amene adzatsike m'galimoto ndi tepi yoyezera, amene adzamasulire mgwirizano pamsonkhano, amene adzalembe lipoti loti anthu onse anavomera mokondwa, ndi ife tomwe, patatha zaka zitatu kapena zinayi. Tidzalankhula Chichewa chabwino, mwinanso Chilomwe kapena Chiyao, ndipo anthu adzatikhulupirira chifukwa ndife ana awo. Johnston analibe mwayi umenewo.

Kanthu kamodzi kamene ndingapemphe mnzanga amene adzagwire tepiyo ndi ka malire. Mgwirizano wogulitsa magetsi a ku Salima kwa ESCOM ndi wa zaka 20, ndipo mapanelo nawo amakalamba. Tsiku lidzafika lofunsa kuti nthaka ija ibwerera kwa yani. Koma malire a minda kwathu salembedwa pa pepala: ndi mzere wa chinangwa, chitsa cha mango, mwala, kanjira, ndi chikumbumtima cha amayi awiri oyandikana. Katapila akadutsa m'mawa umodzi zonsezi zimafafanizika, ndipo pakutha pa zaka makumi awiri amayi awiri aja adzakhala atagona kumanda. Chotero asanagwetse mtengo woyamba, wina ayende ndi eni mbumba munda ndi munda, ajambule mapu, alembe dzina la mayi aliyense ndi la ana ake aakazi, ndipo pepala limodzi litsale kwa amfumu, lina kwa DC, lina m'chikwama cha mwini wake pamodzi ndi khadi la kusikelo.